Ufa woyera ukukana: ndingapange bwanji tacos za m'misewu ya ku Mexico pakhomo panga?

"Bambo, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe. Nthawi imene ndinali ku Johannesburg ndinkagwira ntchito ndi mayi wina wa ku Mexico, ndipo tsiku lina anatiitanira kwawo n'kutiphikira tacos, zimene anati ndi zomwe zimagulitsidwa m'misewu ya kwawo. Tinali timikate tating'ono ta chimanga, tofewa, topyapyala, pamwamba pali nyama yodula bwino, anyezi ndi tsabola. Kukoma kwake sindikuiwala. Chibwerereni kuno ndayesa katatu konse. Ufa woyera unakana kugwirana, mgaiwa unkang'aluka pa chiwaya, ndipo nditayesa kuphika kaye ngati nsima zinangomata m'manja. M'sitolo ndinapezamo zouma zopindika za m'bokosi, zodula, koma si zija ndinadya. Kodi ndikulakwitsa pati? Nanga nyama yake ndi msuzi wa tsabola uja ndingapange bwanji ndi zomwe timapeza kuno?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mtima ukhale m'malo, manja anu alibe mlandu. Aliyense amene ndamuphunzitsapo m'khitchini anayambira pomwepo, kukanda ufa woyera n'kumadabwa kuti ukunyenyeka chifukwa chiyani. Ngakhale mukanamuitana mayi wa ku Mexico uja n'kumupatsa ufa womwewo, zikanamukanika chimodzimodzi. Nkhani yagona pa zimene chimanga chinadutsamo chisanakhale ufa. Ndikhalitsa pamenepa, chifukwa kamkate kaja, kamene eniake amalemba kuti tortilla n'kumatchula kuti "tortiya", ndiko mwini zonse. Kakalongosoka kameneka, nyama ndi tsabola sizivuta.

Chimanga timalimachi kwawo ndi ku Mexico. Anthu a m'chigwa cha mtsinje wa Balsas anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte, ndipo kuno ku Africa chinabwera ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Mbewu inaoloka nyanja, koma kaphikidwe kake kanatsala. Kwa zaka zoposa 3,000 anthu a ku Mexico ndi ku Guatemala akhala akuwiritsa chimanga chouma m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachipere. Chimanga chophikidwa motero amati nixtamal, mawu a chiyankhulo cha Nahuatl ophatikiza nextli, kutanthauza phulusa, ndi tamalli, ufa wokanda wa chimanga. Phulusa lili m'dzina momwemo. Ife amene tinakula tikuona amayi athu akudontheza chidulo chophikira thelere, nzeru imeneyi siyiyenera kutidabwitsa kwenikweni.

Madzi amenewa amasungunula khungu la chimanga n'kulisandutsa ngati ulimbo wofewa, pamene sitachi wa m'kati amapsa pang'ono chabe n'kufufuma. Ziwirizi ndi zimene zimagwira ufawo kuti ukandike ndi kupindika osathyoka, pakuti chimanga chilibe gluten, ulimbo umene umagwira ufa wa tirigu. Tsopano ganizirani ufa woyera wathu. Timakonola, kupeta gaga, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika, n'kukagayitsa. Pa nsima palibe woposa umenewo, koma khungu lija tinalitaya kale pa lichero. Mgaiwa khungu ulinalo, koma ndi laliwisi ndi lolimba, n'chifukwa chake unkang'aluka. Ndipo mutaphika kaye ngati nsima, sitachi yense anapsa, ndiye kumata kuja.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa nkhani imeneyi imandikhudza. Kuphika ndi laimu kumamasulanso niacin, vitamini B3, amene m'chimanga wamba amakhala womangika moti thupi silimupeza. N'chifukwa chake matenda a pellagra, aja osupula khungu m'khosi ndi m'manja, otsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu, anavutitsa ku Italy, ku Spain ndi kummwera kwa dziko la United States, koma sanali ofala pakati pa eniake chimanga. Ifenso anatifikira. M'chaka cha 1990 anthu pafupifupi 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali kuno ku Malawi anadwala matendawa, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Choncho zimene muphunzire panozi zili ndi phindu loposa chakudya cha Loweruka madzulo.

Njira yachidule ilipo. Ufa wa nixtamal wouma kale umagulitsidwa m'mapaketi, dzina lake masa harina, ndipo wodziwika kwambiri ndi wa Maseca. Ku South Africa ndi ku Britain umapezeka m'masitolo a zakudya zakunja ndi pa intaneti, ndiye ngati muli ndi wachibale wobwera kuchokera kumeneko, mutumeni. Makapu awiri a ufawu amafuna kapu imodzi ndi theka ya madzi ofunda ndi kamchere, basi. Koma mumuuze awerenge bwino pa paketi. Polenta si umenewo, cornflour si umenewo, ndipo wa Harina PAN, wodziwika ku Venezuela, ngakhale ndi wophika kale, sunadutse m'laimu.

Ine mtima wanga uli pa njira yayitali, yoyambira pa chimanga cha m'nkhokwe mwanu. Tengani kilogalamu imodzi ya chimanga chouma, chosakonola. Cha haibulidi chofewa chija, chimene amayi amadandaula nacho kuti chimanyenyeka mumtondo, pano ndiye chabwino, chifukwa chimapereka mosavuta. Chamakolo chimatheka, koma chimafuna moto wautali. Chisankheni pa lichero, mutaye chofumbwa, chowola ndi chachuku. Laimu amachepetsako poizoni wa chuku, koma samuthetsa, ndiye musadalire zimenezo. Ngati munathira mankhwala a anankafumbwe chitsukeni kangapo, ndipo mbewu yogula yopakidwa utoto ija isayandikire mphika n'komwe.

Pa laimu ndi pamene ndikupemphani mutchere khutu. Wofunika ndi calcium hydroxide wopangidwira chakudya, amene a ku Mexico amati cal. M'masitolo a amwenye amamudziwa ndi dzina loti chuna, ndipo mufunse wopanda zonunkhiritsa. Wa m'thumba la ku hadiweya, wopaka m'makoma ndi m'mitengo, sindikulolani, chifukwa simudziwa chinasakanikiramo. Wothira m'munda ndi mwala wogaya chabe, sagwira ntchito imeneyi. Muyezo ndi magalamu 10 pa kilogalamu imodzi ya chimanga, pafupifupi supuni yaikulu imodzi yodzaza, m'malita atatu a madzi. Mukachulutsa, tortilla imatuluka yachikasu kwambiri, yowawa ngati sopo.

Laimu akasowa, phulusa lilipo. Likhale la nkhuni zoyera kapena la zisononkho, osati la pamoto pamene panatenthedwa mapulasitiki, mapepala kapena matabwa a penti. Lisefeni, muthire m'madzi otentha, mutakase, likhazikike, n'kutsanula madzi a pamwamba kudzera pa kansalu. Chikhale chidulo champhamvu, choterera mukachigwira pakati pa zala. Mphamvu ya phulusa imasiyana mtengo ndi mtengo, choncho maso anu ndiwo sikelo: chimanga choyera chikalowa m'madzi okwana mphamvu, pakangopita mphindi zochepa chimasanduka chachikasu. Chikapanda kusintha, onjezerani chidulo. Soda wa m'paketi amasupula khungu, koma kafungo kenikeni ka tortilla sakapereka.

Mphika ukhale wadothi, wa enamelo kapena wachitsulo chosachita dzimbiri. Mapoto a aluminiyamu, amene ndi ambiri m'makhitchini mwathu, laimu amawadya n'kudetsa chimanga. Sungunulani laimu m'madzi, muthire chimanga, chiwire pa moto wochepa. Pakatha mphindi 20 yambani kuyesa. Tolani njere imodzi, muitsuke, muitikite pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Khungu likavuka lokha ngati la mtedza wokazinga, ilumeni. Kunja ikhale yofewa, koma pakati pakhale poyera ngati choko. Pamenepo tsitsani. Nthawi zambiri zimatenga mphindi 25 mpaka 45, malinga ndi mtundu wa chimanga ndi kugonera kwake. Musadikire kuti chipse ngati chingowe, chifukwa chikapsa chonse mwabwerera ku nsima yomata ija. Vundikirani, chigone m'madzi momwemo maola 8 mpaka 12. Ine ndimaphika madzulo, m'mawa n'kudzapitiriza.

Kukacha mupeza madzi achikasu, olemera, onunkhira ngati dothi lonyowa ndi mvula yoyamba. Amenewo amati nejayote, ndipo ndi otaya, kutali ndi ana ndi ziweto. Tsukani chimanga kawiri kapena katatu mukuchitikita m'manja, koma musachite kuchiyeretsa mbee. Kutererako pang'ono kukatsala ndi bwino, chifukwa ndi ulimbo uja tikuufuna.

Kupera ndiye ntchito yotulutsa thukuta, sindikunamizani. Amayi a ku Mexico ankagwada pa mwala wotchedwa metate, umene ndi mphero yomwe agogo athu ankaperera mawere, ndipo masiku ano ambiri amanyamula ndowa ya nixtamal m'mamawa kupita ku chigayo chapadera chopera chimanga chonyowa. Zigayo zathu chonyowa sizilandira, chimatseka sefa. Ngati muli ndi makina opukusa pamanja, kaya ogayira nyama okhala ndi timabowo tating'ono, dutsitsanimo kawiri kapena katatu mukudontheza madzi pang'ono. Mtondo umathandiza kuyamba, koma kusalaza kumafuna mphero. Njira imene ndaona kuti imayenda bwino kuno kwathu ndi iyi: yanikani nixtamal yotsuka ija pa mphasa masiku awiri kapena atatu mpaka iume gwa, n'kupita nayo ku chigayo, agaye ndi sefa yosalala kwambiri. Ufa woyamba kutuluka muupatule, chifukwa umasakanikirana ndi wa munthu amene anagayitsa inu musanafike. Ufa wotere muukande ndi madzi otentha, muuvundikire theka la ola. Sufika pa wopera wauwisi, koma umapindika, ndipo mutha kugayitsa wambiri n'kusunga.

Ufa wokanda uja dzina lake ndi masa. Izikhala yofewa ngati dongo loumbira mbiya, yosamata m'manja. Umbani kampira, mukapsinje pakati pa zikhatho. M'mbali mukang'aluka, madzi achepa, onjezerani supuni imodzi imodzi. Pafupifupi onse oyamba kumene amaumira madzi, ndipo tortilla zawo zimatuluka ngati zikopa. Kilogalamu ija ikupatsani tortilla zazing'ono zoposa 50.

Za m'misewu zimakhala zazing'ono, masentimita 10 mpaka 12, kampira kake magalamu 20 kapena 25, kocheperako dzira la nkhuku yachikuda. Chopsinjira chachitsulo si chofunika kugula. Dulani jumbo yoyera mapepala awiri, kampira pakati, mupsinje ndi kunsi kwa poto wolemera pa tebulo. Mmisiri wa matabwa athanso kukukhomerani chopsinjira: matabwa awiri, hinji ndi chogwirira. Matulani pulasitiki wa pamwamba, mutembenuzire tortilla pa chikhatho, mumatule winayo, n'kuigoneka pa chiwaya mofatsa ngati mukuyala kansalu.

Chiwaya chawo amati comal, chachitsulo kapena chadothi ngati phale lathu lokazingira chimanga. Chikhale chouma, chopanda mafuta, chotentha moti dontho la madzi likagwapo lizivina n'kutha. Mbali yoyamba masekondi 20 mpaka 30, m'mbali mukangoyamba kuuma tembenuzani. Mbali yachiwiri pafupifupi mphindi imodzi, mpaka ioneke timawanga tofiirira. Tembenuzaninso kachitatu, mudinde pakati pang'ono ndi kansalu, ndipo ngati zonse zili bwino muiona ikufufuma ngati chule. Tsiku loyamba mwina sizifufuma, koma zidyeka ndithu. Mukaphula, ziunjikeni m'nsalu yoyera n'kukulunga. Nthunzi yake ndiyo imamaliza kuzifewetsa, choncho tortilla yongochoka pamoto musaiweruze, ipatseni mphindi khumi m'nsalumo.

Tsiku limene mulibe mpata wa zonsezi, tortilla ya tirigu si yachinyengo. Kumpoto kwa Mexico, makamaka ku Sonora, nyama yootcha amadyera tortilla za ufa wa tirigu. Theka la kilogalamu ya fulawa, magalamu 90 a mafuta a nkhumba kapena a ng'ombe, mchere, ndi madzi ofunda opitirira pang'ono kapu imodzi. Kandani, zipume theka la ola, mupapatize zipyapyale kuposa chapati, muotche pouma. Koma za m'bokosi munagula zija ndi za ku America. Anazitchukitsa ndi malesitilanti a Taco Bell, amene Glen Bell anayambitsa ku California m'chaka cha 1962, ndipo kudzaza letesi, tchizi ndi kirimu kunafala kuchokera komweko.

Kuti mudziwe chimene mukulondola, ndikufotokozereni zimene ndinaona ku Mexico City usiku wina. Pakona pa msewu panali babu limodzi lolendewera, anthu ataimirira mozungulira. Nyama ya nkhumba yofiira inali yosanjikizana pa chitsulo choimirira chimene chinkazungulira pafupi ndi moto, nsonga yake atabayapo nanazi. Wogulitsa anali ndi tortilla ziwiri zosanjikiza m'dzanja lamanzere, mpeni wautali kumanja. Anasenga nyama yopsa ya kunja ikugwera m'dzanjamo, n'kudula kachidutswa ka nanazi m'mwamba n'kukawakha ndi tortilla yomweyo. Funso lake linali limodzi, "¿Con todo?", kutanthauza kuti ndiike zonse? Zonsezo ndi zinthu ziwiri zokha, anyezi wamuwisi wodula bwino ndi masamba a korianda. Mbale inali yapulasitiki yovekedwa jumbo. Tsabola ndi mandimu aliyense amadziikira. Umadya choimirira, kupendeketsa mutu, kuluma katatu yatha, n'kuitanitsa ina. Pomaliza wogulitsa amakufunsa kuti wadya zingati, iwe n'kunena wekha n'kulipira. Tortilla yachiwiri ija ntchito yake ndi kugwira msuzi yoyamba ikanyowa, ndi kutolera nyama yogwera m'mbale.

Zimenezo ndi tacos al pastor. Kaotchedwe kake kanabwera ndi anthu ochokera ku Lebanon ndi maiko oyandikana nalo amene anakhazikika ku Puebla cha m'ma 1930 ndi shawarma yawo, nyama yootcha pa chitsulo chozungulira, a ku Mexico n'kusintha nkhosa kuika nkhumba ndi tsabola wawo. Pakhomo mutha kuyandikirako. Dulani nyama ya nkhumba mopyapyala, muipake zosinja izi: paprika supuni zitatu, adyo, viniga, kumini, oregano, mchere ndi madzi a lalanje. Kufiira kwenikweni kumachokera ku njere za achiote ndi tsabola wouma wa guajillo, koma paprika amaimirako. Igone usiku m'furiji, mudzaiotche pa chiwaya chotentha kwambiri pang'ono pang'ono, osaunjika, kuti ipserere m'mbali. Nanazi, monga zotsekemera za ku Mulanje zija, muotche padera. Mukaviika nyama usiku wonse m'madzi a nanazi yaiwisi mudzaipeza itasanduka phala.

Koma poyambira ine ndingakusankhireni carnitas, nkhumba ya ku Michoacán, dera lomwe bungwe la UNESCO linatchula ngati chitsanzo pamene linalemba kaphikidwe ka ku Mexico pa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse m'chaka cha 2010. Kumeneko amaiphika m'mphika waukulu wamkuwa wodzaza mafuta a nkhumba yomweyo. Inu gulani kilogalamu imodzi ndi theka ya pa phewa, yamafuta ake, ndi chikopa pang'ono. Musalole wa pabutchala achotse mafutawo. Dulani nthuli zazikulu ngati mabokosi awiri a machesi, muike mu poto wolemera ndi supuni yaikulu ya mchere, adyo, lalanje lodula pakati ndi madzi ongofika pamwamba pa nyama. Iwire pa moto wochepa osavundikira. Pakatha maola awiri madzi amakhala atauma, mafuta asungunuka, ndipo nyama imayamba kudzikazinga yokha. Apa musachokepo. Chotsani lalanje, muzitembenuza mpaka kunja kufiire, m'kati muli mofewa moti supuni ikulowa. Ikani pa thabwa, mudule tizidutswa, musakanize yamnofu, yamafuta ndi chikopa. Ku Mexico wogula amasankha: maciza ndi mnofu wokha, cuerito ndi chikopa, surtida ndi zosakaniza, ndipo odziwa kudya amasankha surtida.

Ngati pakhomo panu simudya nkhumba, mbuzi ndiye yathu. Birria ya ku Jalisco ndi mbuzi yophikidwa m'tsabola, ndipo barbacoa ya ku Hidalgo ndi nkhosa yokulunga m'masamba a maguey, mtundu wa khonje, yogona usiku wonse m'dzenje la makala. Inu ipakeni mbuzi zosinja zija, muonjezere matimati ootcha ndi ma clove awiri, muikulunge m'masamba a nthochi owamba pamoto, muike mu poto pamwamba pa timitengo, pansi pali madzi ndi anyezi. Ipse ndi nthunzi maola atatu kapena anayi mpaka ichoke yokha ku mafupa. Msuzi wotsala pansi musataye, amamwera m'kapu pambali. Zam'kati nazo kumeneko n'zaulemu wake: matumbo okazinga mpaka kukhukhuta, lilime, nyama ya kumutu. Amene amadziwa chiwaya cha pamsika wathu sangasochere. Ndipo masiku opanda nyama, nyemba zokazinga n'kuzikanya, mbatatesi ndi anyezi, ngakhale bonongwe, amene a ku Mexico amadyanso n'kumamutchula kuti quintonil, zonsezi ndi tacos zenizeni.

Msuzi wa tsabola, salsa, sufuna mafuta kapena kuphika kwa nthawi yaitali. Ikani pa chiwaya chouma matimati anayi akupsa, adyo awiri osasenda, kachigawo ka anyezi ndi tsabola. Zitembenuzeni mpaka zide mawanga akuda ndi kufewa. Sendani adyo, muyambe kusinja iyeyo ndi mchere ndi tsabola mu kamtondo, kenako matimati limodzi limodzi ndi makungu ake opserera omwe, chifukwa kafungo ka utsi kali mmenemo. Iwo amasinjira mu molcajete, kamtondo ka mwala wa chiphalaphala. Isakhale yosalala ngati phala la mwana. Tsabola wouma ngati mwamupeza, amangofuna masekondi ochepa pa chiwaya, akada amawawa ngati ndulu ndipo palibe chomukonza.

Kambuzi wathu ndi wa mtundu umodzi ndi habanero wa ku Yucatán, ndiye muyambe ndi mmodzi yekha. Ndimakonda kumudula bwino n'kumusakaniza ndi anyezi wofiira, mchere, madzi a mandimu ndi a lalanje, zikhale ola limodzi mpaka anyezi afewe. Ku Yucatán ndi mmene amadyera nkhumba yawo. Salsa yobiriwira imapangidwa ndi tomatillo, m'bale wake wa jamu, wokhala m'kachikwama kofanana. Jamu wosapsa musalowetse m'malo mwake, sadyedwa. Otchani matimati obiriwira, musinje ndi tsabola wobiriwira, korianda, madzi a mandimu ndi peyala limodzi. Korianda mumupeza kwa amayi ogulitsa masamba m'misika ya m'tauni, ena amati dhania, ndipo njere zake zimamera mosavuta m'chitini pakhonde. Mandimu akhale aang'ono obiriwira aja ngati alipo.

Tsopano za chitetezo, chifukwa muli ndi ana. Laimu ndi chidulo champhamvu zimaotcha. Sungani pamwamba, m'botolo lolembedwa, ndipo potsuka nixtamal muvale magolovesi ngati muli ndi zilonda m'manja. Zikalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20 osaleka, kenako pitani kuchipatala ngakhale kupweteka kutachepa. Mwana akameza, musamusanzitse, mutsukeni m'kamwa muthamange naye kuchipatala, botololo mutatenga. Nkhumba mugule yoyezedwa ndi a zaumoyo. Mukaona timatuza toyera ngati njere za mpunga mumnofu, imeneyo ili ndi mphutsi za njoka za m'mimba, isiyeni. Iliyonse ipse mpaka m'kati, osatsala pofiira. Anyezi, korianda ndi tsabola zimadyedwa zaziwisi, choncho muzitsuke ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, makamaka nyengo ya dzinja pamene kolera amavuta. Wina akatsegula m'mimba mwamadzi kwambiri, akamasanza osaleka, kapena pakaoneka magazi, mupatseni Thanzi ORS muli pa ulendo wa kuchipatala, osadikira kuti kuche. Amene ali ndi zilonda za m'mimba apewe kambuzi, adye ya peyala yopanda tsabola.

Pa ulendo woyamba musadzichulukitsire. Lachisanu madzulo phikani theka la kilogalamu ya chimanga ndi magalamu 5 a laimu. Loweruka m'mawa perani, masana ikani nkhumba kapena mbuzi pa mbaula, salsa imodzi yokha, anyezi, korianda ndi mandimu m'timbale. Tortilla muotche pomalizira, anthu atasamba kale m'manja. Musanaike nyama, ikhudzitseni tortilla ku mafuta a nyamayo pa chiwaya kwa masekondi ochepa, monga amachitira ogulitsa m'misewu. Nyama ikhale supuni ziwiri basi, kuti ipindike ndi zala zitatu. Masa yotsala imasasa msanga kukatentha, ndiye muikulunge muike m'furiji, muimalize pasanathe masiku awiri. Tortilla zogona muzidule zidutswa, muzikazinge, muthirepo salsa yotsala ndi dzira pamwamba. Chimenecho ndi chakudya chawo cham'mawa, amati chilaquiles. Mukayesa mundilemberenso, mundiuze mtundu wa chimanga munagwiritsa ntchito, mphindi zimene chinawira, ndiponso ngati tortilla inafufuma, kuti tidzaone pokonza.